Galu Amene Ndinakabisa kwa Che Saidi

Khalani pansi, ana inu, ndipo mafoniwo alowe m'matumba. Iwe Thandi, ndakuona, chala chikuyendabe pansi pa siketipo. Mwandifunsa chifukwa chimene anyamata a pa mzere uno wa nyumba amandiitanira kuti Khulu Hlaba, ndiye kuti Agogo Hlaba, ndipo amayi anu akuuzani kuti mufunse mwiniwake. Ndikuuzani, koma m'Chichewa. Ndikudziwa kuti mumamva bwinobwino, kungoti poyankha lilime lanu limathawira ku Chindebele. Amene pamudutse afunse mnzake, asandidule mawu.

Ine Chindebele sindinachiphunzire kusukulu ngati inu. Ndinabwera kuno ndili mnyamata wa ndevu ziwiri, kutsatira bambo anga amene anachoka ku Ntcheu n'kukachona pa famu ina cha ku Nyamandlovu. Ulendo wake sunali ngati wa masiku ano, woti munthu umakhala m'basi botolo la madzi ozizira lili m'manja n'kumadandaulabe kuti msana ukuwawa. Ine ndi anzanga tinayenda wapansi mpaka zidendene kung'ambika, kamba wathu ali makaka ndi chimanga chokazinga. Kenako tinakwera lole ya ulere, kenako sitima ya malasha imene inatitsitsa tili bii ngati miphika. Pa famupo tinkayankhula chathu chomwechi tikakhala tokha, kumunda n'kumayankhula Chilapalapa cha bwana. Nditalowa m'tauni ndinapeza ntchito kophera ng'ombe, kusilaha monga amanenera kuno, ndipo ndinagwira kumeneko mpaka tsitsi kuyera. Chindebele ndinachitolera pamenepo, pakati pa magazi ndi matumbo. Za kukiliniki, za kusukulu, za kumsika, zonsezo ankayendera agogo anu aakazi. Ndiye mawu akuti hlaba ine ndinkawadziwa tanthauzo limodzi basi. Kapitao akakuwa kuti “Hlaba!”, ng'ombe imeneyo sinkadyanso msipu.

Tsono za galu. Bambo anga anali ndi galu wamkazi wofiirira, wa makutu oima, dzina lake Sitichoka. Inu agalu anu mumawatcha Sipoti, Bulaki, mayina opanda mchere. Kwathu dzina la galu ndi kalata. Ukayambana ndi munthu amene sungamuyankhe pamaso, umatcha galu wako mawu amene ukufuna kumuuza, ndiye uzimuitana mokweza m'mawa ndi madzulo. Bambo anatopa ndi anthu owauza kuti maNyasa bwererani kwanu, choncho tsiku lililonse ankaima pakhomo n'kukuwa kuti “Sitichoka! Sitichoka!” Eni nthaka ankangoti mdala uyu amakonda galu wake. Galuyo atabereka tinasunga mwana wamkazi n'kumupatsa dzina lomwelo, nayenso atabereka tinatero. Nditapeza kachipinda kuno ku Mabutweni, nthawi imeneyo n'kuti tikuphikira pa pulaimasi ndipo inu simunalotedwe n'komwe, ndinabwera ndi mmodzi m'katoni pa kaliyala ya njinga. Amene ndikukambayu anali wachisanu ndi chiwiri kapena wachisanu ndi chitatu, ndinasiya kuwerenga. Bambo sanandisiyire munda kapena ng'ombe. Anandisiyira mtundu wa galu umenewo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sudzathera m'manja mwanga.

Ndisakunamizeni, kasungidwe kathu kanali kena. Galu ankadya zotsala m'mbale ndi mafupa amene ndinkatulutsa kusilaha m'thumba la ovolosi. Nkhupakupa tinkazipaka oyilo wakuda wa galimoto. Kuti akhale waukali tinkamuthirira tsabola m'chakudya n'kumumangirira pa tcheni chachifupi. Akabereka, ana tinkapatsa aliyense wopempha, wina kukusiyira nkhuku, wina zikomo chabe. Sitichoka wanga ankabereka kawiri pachaka osaphonya, ndipo ine ndinkanyadira ngati wabereka ndine. Wolowa m'malo mwake ndinali ndisanasunge. Nthawi zonse ndinkati ndidzasankha pa mimba yotsatira.

Chaka chimene iwe Thandi unabadwa, agogo anu anapita ku Tshabalala kukasamalira amayi ako pachikuta, ine n'kutsala ndekha ndi galu. Lachitatu lina masana, ndikusoka nsapato pakhondepa, kunadutsa kagalimoto koyera kali ndi chokuzira mawu padenga. Mawu a mtsikana ankabwereza kuti, “Lethani izinja zenu ngoMgqibelo eholo, zizehlatshwa mahala!” Ndiye kuti, bwerani ndi agalu anu Loweruka kuholo, akahlabidwe mwaulere.

Zingano inandipulumuka. Mahala! Atiphere agalu, n'kumatiuzanso kuti sitilipira, ngati akutichitira chifundo. Musaseke, iwe Dumi tseka pakamwapo. Ine ndinali nditaonapo agalu akuwomberedwa m'misewu muno zaka za m'mbuyo, atalengeza kuti aliyense amange wake. Komanso munthu amene chitupa chake chinakhala zaka zambiri chili ndi chilembo chonena kuti ndi mlendo, pamene wakalambira pompano, samva chilengezo ngati mmene amamvera anthu ena. Amayamba wafunsa kuti kodi akufuna chiyani kwenikweni. Ndinadziuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, mtima wangawu waona kanthu.

Ndinayamba kuganiza pobisa. M'nyumba muno akanauwa, chipinda chake chimodzi. Chimbudzi chinali cha mzere wonse. Kenako nzeru inabwera, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru ndithu. Ndani angakafune galu kwa Msilamu? Ndinamukoka mpaka kwa Che Saidi, mnzanga wa ku Mangochi uja, telala wa makina opalasa ndi phazi, amene amakupatsani masiwiti pa Idi.

“Odi, Che Saidi. Ndabwera ndi mlendo.”

Anamuyang'ana galuyo pamwamba pa magalasi. “A Mbewe, mlendo wa miyendo inayi pakhomo panga? Mwayamba kumwa masana?”

“Akubwera kudzapha agalu onse Loweruka. Ndamva ndi makutu angawa.”

“Ndiye mwati adzafere kwanga?”

“Kwanu sangafike. Akudziwa kuti inu ndi galu simumwerana madzi.”

Anapukusa mutu nthawi yaitali, phazi lili pa makina. Kenako anati, “Kuseri kwa khola la nkhuku. Asalowe m'nyumba, ndipo asanunkhize ketulo yanga yosambira popemphera. Akazi anga akafunsa, munene kuti munamulumphitsa mpanda ine ndili kumzikiti.”

Loweruka ndinakhala pageti chipewa chili m'manja, ngati kukudutsa maliro. Anthu ankapita ndi agalu awo, ena pa zingwe za magetsi, ena pa malamba a mathalauza, wina m'wilibala. Ndinkawayang'ana n'kumati, koma mitima ya anthu a masiku ano! Mayi wina wa kumapeto kwa mzere anandifunsa kuti, “Khulu, eyakho ingaphi?”, kufunsa kumene kunali wanga. Ndinati anafa Lolemba. Dzuwa litapendeka, agalu omwe aja anayamba kubwerera akugwedeza michira, aliyense ali ndi kadontho ka penti yabuluu pamphumi, eni ake atanyamula timakadi.

Munthu wanzeru akanaseka n'kukatenga galu wake. Ine ndinati, ehee, poizoni wake ndi wapang'onopang'ono, pentiyo ndi yoti adziwe amene amupatsa kale. Sabata yathunthu ndinkazungulira mzere uno m'mawa uliwonse, kusuzumira m'mipanda kuti ndione woyamba kugwa. Palibe anagwa. Wina ananenepa kumene.

Agogo anu atabwerako ku Tshabalala ndinawafotokozera monong'ona, chitseko chili chotseka. Anandiyang'ana, n'kukhala pansi pa simenti, kuseka mpaka mpango kugwa.

“Abambo a Joji, ana athu onse asanu ndinkapita nawo kukiliniki kukawahlabitsa. Alipo amene anabwerako atasanduka ndiwo?”

“Kuhlaba ndi kupha,” ndinatero.

“Ndi kubayanso jakisoni! Nanga kwathu sitinena kuti kubaya katemera? Ameneyo anali katemera wa chiwewe, bambo inu.”

Makoma a Mabutweni mukuwadziwa, munthu ukayetsemula amayankha ndi wa nyumba yachitatu. Pofika madzulo mzere wonse unali utamva, ndipo galu wofa Lolemba uja anaoneka akutuluka kwa Msilamu. Dzina lija linabadwa tsiku limenelo.

Imvani bwino apa, chifukwa nkhani yeniyeni ikuyamba tsopano. Ndikanangoti pepani, khutu linandinamiza, zikanathera pomwepo, bwenzi lero tikungoseka. Koma manyazi a munthu wamkulu ndi matenda oipa. Ndikapita kumjigo, atsikana ankanong'onezana. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anandifunsa ngati maliro a Lolemba anayenda bwino. Ndinayamba kulakalaka kuti tsiku lina anthu omwewa adzanene kuti mdala uja ankaona patali.

Patapita milungu ingapo, anthu a kagalimoto aja anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za kasungidwe ka agalu. Kwathu kunabwera mtsikana wamfupi wovala ovolosi yobiriwira, dokotala wa ziweto, ndipo atangotsegula pakamwa ndinazindikira mawu a pa chokuzira aja. Anapereka moni m'Chindebele n'kugwada pafupi ndi galu, ngakhale ndinamuchenjeza kuti amaluma. Galu wopanda manyazi uja anamugonera chagada.

“Ibizo layo ngubani, khulu?” anafunsa dzina la galuyo.

“Sitichoka,” ndinatero mokweza, poganiza kuti samva.

Anaseka. “Simuchoka? Nafenso sitinachoke, agogo. Ine ndine wa kwa Mwale, agogo anga anali a ku Dedza. Chichewa ndimamva, koma kukhuluma chimandivuta.”

Inu mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi ndithu. Kusilaha kunali mbuzi ina yokalamba imene sinkaphedwa. Ntchito yake inali kutsogolera nkhosa mpaka pakhomo lophera, iyo n'kutulukira kumbali kukadya madeya. Ndinamuyang'ana mtsikanayo n'kunena mumtima kuti atitumizira wathu yemwe.

Anayankhula zambiri, theka Chichewa chothyokathyoka, theka Chindebele. Anati tcheni n'chachifupi ndipo chadya khosi. Oyilo amawotcha khungu. Tsabola sasandutsa galu mlonda, amangomupweteka m'mimba. Madzi azikhala pafupi naye, ngakhale masiku amene m'mipope mwauma ife tikupangira mzere kumjigo. Zonsezo ndinkangoti inde, inde, monga tinkayankhira bwana pa famu. Kenako anagwira mabere a galuyo, olendewera ngati masokosi akale, n'kupapasa nthiti zake.

“Wabereka kangati, agogo?”

“Sindiwerenga mimba za galu.”

“Watopa uyu. Thupi laphela, latha. Mubwere naye timutseke mimba, apumule. Akatenganso ina, angafe.”

“Kumutseka? Nanga mtundu wake?”

“Ana onse amene anabereka ali kuti?”

Kumene anali sindinkakudziwa. Koma ndinali nditagwira chimene ndinkasaka. Pamenepa! Ndi mpeni sanaphe, zoona, koma akufuna kupha mtundu, kuti agalu athu achikuda athe, tonse tizigula zigalu zawo zija za mitu ngati ndowa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Atatulutsa buku kuti alembe dzina langa ndi nambala ya nyumba, ndinamuuza kuti geti ndi lomwe analowera lija. Anasiya kapepala ka nambala yake ya foni pa mpando, ndipo agogo anu anakatola ine ndikuyang'ana kumbali.

Kuzizira kukutha, mphepo ya fumbi itayamba, Sitichoka anayamba kufuna amphongo. Kale ndinkangomumasula, iye n'kudzisankhira pakati pa agalu a m'mzere, ofanana naye msinkhu. Ulendo uno ndinati ndiwaonetsa. Ndinamva kuti ku Nketa kuli mnyamata wina woweta chigalu chachikulu, chifuwa ngati cha thole. Taonani uchitsiru wake, zigalu zomwe ndinkazinyoza zija. Ndinati ndikasakaniza magazi amenewo ndi a Sitichoka, patuluka mwana wamkazi woti ndisunge, amene ngakhale dokotala uja adzaima pageti n'kusirira. Ndinayenda naye wapansi, poti makombi, maminibasi a kuno, sanyamula galu, ndipo panjira anakhala pansi katatu. Mnyamatayo atamuona anakanda m'mutu n'kunena kuti, “Khulu, incane kakhulu le,” kutanthauza kuti wachepa kwambiri. Ndinati iwe tsekula kholalo, agalu ndinayamba kuweta amako asanabadwe.

Che Saidi atamva anandiitana pa makina awo. “A Mbewe, ine za agalu sindidziwa, koma ndine telala. Mkono wa jekete la bambo sitisokerera pa malaya a khanda.”

“Nanunso akuyenderani?” ndinafunsa.

“Andiyendere chifukwa chiyani, ine wopanda galu?”

Ndinachoka ndikuganiza kuti nawonso awagula. Munthu amene anandibisira galu kuseri kwa nkhuku zake, ndinakhala mwezi wathunthu ndikumupatsa moni wa dzanja lokha.

Mimba inakula mpaka kumakhula pansi. M'mwezi wotentha uja, majakaranda atachita maluwa m'misewu, Lachinayi m'mawa, Sitichoka anayamba kukanda pansi, kubuula n'kumakankha, koma osatuluka kanthu. Agogo anu anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

“Tiimbe foni. Kapepala kaja ndinakasunga m'buku la nyimbo.”

“Wabereka kangati popanda dokotala? Akabwera amutseka, mzere wonse udzati Khulu Hlaba wagonja.”

“Ndiye galu afe kuti mzere usaseke?”

“Safa. Ndimamudziwa ine.”

Masana ake analira kamodzi, kulira kumene sindinakumvepo kwa galu, kenako anasiya kukankha n'kugona phee. Ndinauza agogo anu kuti mwaona, akupumula.

Lachisanu m'mawa ndinamupeza maso atalowa, nkhama zitayera, kumbuyo kukutuluka madzi akuda onunkha. Ndinamuitana dzina, iye anangogwedeza nsonga ya mchira. Pamenepo mantha anandigwira. Agogo anu sanandifunsenso. Anatenga foni n'kutuluka panja.

Mtsikana uja anafika ndi kagalimoto dzuwa lisanakwere kwenikweni. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akananena. Anamasula tcheni yekha, n'kukweza mlomo wa galu kuyang'ana nkhama.

“Tiyenera kumung'amba manje manje, pompano, agogo.”

“Ndipita nawo. Ndiona ndi maso anga zimene mukachite.”

“Kwerani.”

Ndinakhala kumbuyo, mutu wa galu uli pamiyendo panga, mpaka kutauni. Kumeneko anandiimika pa zenera la galasi la chipinda chochitira opaleshoni. Ndinkayang'ana manja ake monga ndinkayang'anira anyamata ophunzira ntchito kusilaha, kudikira kuti alakwitse. Ndinaona akumeta pamimba, akubaya mankhwala ogonetsa, akudula. Ndinaona mnzake akupachika botolo la madzi. Kenako onse awiri anayamba kufulumira, wina akudina pachifuwa, kudina, kudina, nthawi yaitali, mpaka anasiya.

Anatuluka atavula kansalu ka pakamwa. “Pepani, agogo. Watisiya. Ana nawonso.”

Mukudziwa chimene ndinanena? Ndikuuzani, ngakhale chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinati, “Mwamuchulukitsira mankhwala. Mumafuna zimenezi kuyambira tsiku loyamba.”

Sanakwiye. Maso ake anali ofiira. Anabwerera m'kati n'kutuluka ndi beseni lachitsulo, n'kuliika pa benchi pafupi ndi ine.

“Agogo aakazi anandiuza kuti munagwira kusilaha. Ine sindikhuluma kanthu. Onani nokha.”

Ana inu, munthu angandinamize pa mawu, pa mapepala, pa malamulo, koma pa za m'mimba mwa nyama ayi. Ndinapinda mikono ya malaya n'kupisa manja. Munali ana atatu, mitu yawo ngati chibakera changachi, woyamba atatsekereza njira. Chiberekero chinali chopyapyala ngati nyuzipepala yonyowa, chotheratu ndi kubereka, ndipo chinali chitang'ambika m'mbali. Ndinayang'anitsitsa m'mphepete mwa pong'ambikapo. Munali mutada kale, mutayamba kuwola. Bala la mpeni wa lero silioneka choncho. Limenelo linali la dzulo masana, nthawi ija analira kamodzi ine n'kunena kuti akupumula.

Ndinatembenuza, kutembenuzanso, kufunafuna poti ndiloze chala. Pamene mtsikanayo anadula ndinapapeza, mzere umodzi waukhondo, wowongoka kuposa uliwonse umene ine ndinadulapo m'zaka zanga zonse. Zina zonse zimene zinali m'besenimo inali ntchito yanga. Ndinakhala pa benchipo manja ali magazi okhaokha n'kulira ngati mwana, pamaso pa mdzukulu wa munthu wa ku Dedza, ndipo iye anapita kukanditengera madzi ndi sopo.